Duwa Lopanda Masamba la ku Nakhumba

Ulendowu inayambitsa ndi nkhono.

Rhoda Muhiwa anali kapitawo wa nazale pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Kuseri kwa mashedi a mbande, pomwe mthunzi suchoka, ankasungako kanthu kake: kanthambi kouma kokulungidwa ndi mizu yotuwa ngati imvi. Tsamba panalibe, tsinde panalibe, mizu yokhayokha. Anakatola m'khwawa la Nakhumba namondwe wa Freddy atangodutsa, tsiku lomwe anatumidwa ndi anzake kukaona mapaipi a madzi a kunazale omwe anakokoloka.

Anatola tinthambi titatu. Koyamba anakakwirira m'dothi, kanawola. Kachiwiri anakamatula n'kukamangirira pathabwa, kanauma. Kachitatu anangokapachika ndi waya mmene kanalili, n'kumakawaza madzi a mvula m'mawa uliwonse. Madzi akangogwera, mizu yotuwayo inkasanduka yobiriwira ngati nanzikambe, ndipo apo m'pamene Rhoda ankadziwira kuti kali moyo.

Patatha pafupifupi zaka ziwiri, mu Januwale, kanatulutsa timaluwa toyera khumi ndi tiwiri, tating'ono ngati njere za mpunga, kalikonse kali ndi kamchira kumbuyo. Mwana wake anajambula n'kuika pa intaneti. Tsiku lomwelo kunabwera uthenga wochokera kwa Mervin, wofufuza za zomera wa ku Zomba: "Musakhudze chonde, ndikubwera." Kubwerako kunamutengera masiku anayi. M'mawa wa tsiku lomwe anafika, Rhoda anapeza nkhono yonenepa itakhala phee pakanthambi, timaluwa tonse psiti.

"Chithunzi chija n'chosaoneka bwino, mayi," anatero Mervin, akutembenuza kanthambiko ndi nkhope ya pamaliro. "Uyu ndi okidi, m'bale wake wa chikande, koma uyu amakhala m'mwamba mwa mitengo. Opanda masamba alipo mitundu yambiri, mizu yawo n'njofanana. Dzina lili paduwa. Simukanaikako phulusa kuti nkhono isakwere?"

"Simukanakwera basi Lolemba kuti nkhono isakutsogolereni?" anayankha Rhoda.

Nkhaniyo ikanathera pomwepo, koma panali china. Akuluakulu a esiteti anali atalamula kuti mvula ikatha, nkhalango yotsala ku Nakhumba igwetsedwe, adzalemo bulugama. Mervin atamva anadzidzimuka. Anati ngati duwalo lili lomwe akuliganizira, lomwe anthu analiona kangapo kokha kalekale, kalata yochokera kuntchito kwake ikhoza kuimitsa nkhwangwa. Koma pamafunika duwa lenileni, ndipo maluwa otere sapitirira sabata.

Choncho Loweruka dzuwa likutuluka ananyamuka anthu atatu. Wachitatu anali a Anderson, amuna awo a chemwali ake a Rhoda, omwe analondera nkhalango za esitetiyo zaka makumi awiri asanapume. Anabwera atavala chijasi chawo chakale cha ulonda, ngakhale Rhoda anawauza kuti achisiye.

"Nakhumba ndi kuseri kwa nyumba yanga," anatero a Anderson. "Maola awiri tafika. Nkhomaliro tikadyera kunyumba."

Rhoda sanawakhulupirire. Anamanga pansalu chinangwa chophika, nthochi phava limodzi ndi fulasiki ya tiyi. A Anderson ananyamula chikwanje ndi chingwe. Mervin anabereka chikwama chachikulu ngati mbuzi, ndipo kumapazi anali ndi jombo zatsopano zomwe zinkalira kwiki kwiki pa sitepe iliyonse.

Anadutsa m'minda ya tiyi mame akuwanyowetsa mpaka m'chiuno. Otchola anali atayamba kale, madengu kumsana. Kumapeto kwa munda womaliza nthaka inatsetsereka mwadzidzidzi, nkhalango n'kuyamba. Mkangano unayambira pomwepo.

"Njira ili kumanja, pamkuyu waukulu," anatero a Anderson.

"Foni ikuti kumanzere," anatero Mervin.

Anayamba ndi kumanja, polemekeza ukulu. Anayenda theka la ola, mkuyu osaoneka. M'malo mwake anapeza phiri lonse litagumuka, dothi lofiira lokhalokha ndi miyala kutsika mpaka kumunsi. A Anderson anaima manja m'chiuno, akuyang'ana ngati wina wawabera.

"Unali apa mkuyuwo."

"Munabwera liti komaliza, alamu?"

"Posachedwapa. Chaka chomwe anabadwa Daisy."

Daisy, mdzukulu wawo, anali Sitandade 5. Anabwerera, n'kutsata foni. Foni inawatsogolera mokhulupirika mpaka pamwamba pa phompho, n'kuwauza kuti apitirire kutsogolo.

"Mwatha nonse?" anafunsa Rhoda. "Ine ndinabwera kuno kudzakonza paipi. Paipi imachokera kumtsinje. Tipeze paipi, titsate paipi."

Amuna awiri aja anayang'anizana. A Anderson anati n'zomwe amafuna kunena. Mervin anaika foni m'thumba.

Paipi anaipeza, yakuda, ikukwawa pansi pa masamba owola. Kuitsata sikunali kophweka. Inkalowa m'minga, inkadutsa pansi pa mitengo yakugwa, ndipo a Anderson ankatema njira ndi chikwanje akudandaula kuti masiku awo kunali koyera ngati pabwalo la sukulu. Mervin ankaima paliponse. Ndere pamwala, waima. Bowa pachitsa, waima.

"A Mervin, tabwerera duwa limodzi."

"Miniti imodzi yokha, mayi."

Miniti ina inamupeza ataima pakati pa mzere wa linthumbu. Anazindikira zitafika kale m'ntchafu. Anakuwa, nataya kamera pakhosi, nayamba kuvina gule wosadziwika. A Anderson anathamangira kukamukoka.

"Vulani buluku! Vulani, musachite manyazi, izi sizidziwa digiri!"

Rhoda anatula mtolo wa chakudya pamwala, natembenukira kumbali kuti mwamuna wa eni avule mwaufulu. Anaima choncho akuwerenga mitengo, kumbuyo kukumveka mbama ndi kubuula. Atatembenuka, nsalu inali yomasuka pamwala. M'mwamba nchima zitatu zinkasenda nthochi mosafulumira, yachinayi ikuthawa ndi chinangwa kukamwa ndi m'manja monse. Chotsala chinali fulasiki.

"Nchima za kuno n'zaulemu," anatero a Anderson. "Masiku anga sizinkatero."

"Alamu, mukanenanso za masiku anu, ndikusiyani konkuno mukhale nawo."

Anamwa tiyi mosinthana pachivindikiro, n'kupitirira. Dzuwa linali pamutu. Njira inatsika kwambiri, anayamba kugwira mizu ndi ziyangoyango. Rhoda anali patsogolo pomwe chikwanje cha a Anderson chinamutchinga pachifuwa, chafulati.

"Imani. Phazi lisatsike."

Mawuwo anali ena, opanda nthabwala. Rhoda anayang'ana pomwe amati aponde. Anaona masamba ouma. Kenako masambawo anapuma. Inali mphiri, yonenepa ngati mkono wa munthu, itadzipinda padzuwa pambali pa paipi. A Anderson anamubweza pang'onopang'ono ndi dzanja, nawazungulitsa patali. Rhoda anawatsatira. Anafuna kuthokoza, koma a Anderson anali atayamba kale kufotokozera Mervin za nsato yomwe anaigwira ndi manja, ndiye anangozisiya.

Mtsinje anaupeza uli m'mawondo, madzi oyera ozizira. A Anderson anayang'ana kumtunda, komwe mitambo inali itayamba kuunjikana paphiri.

"Ikagwa uko, mtsinje uwu sudziwa munthu. Tikhale tsidyalo ola limodzi basi."

Atawoloka, Rhoda anazindikira malowo. Mwala wosweka pakati uja, pomwe anakhala akudya tsiku la mapaipi. Kuchokera apo, mbawa yaikulu yomwe inagwetsa tinthambi tija inali pafupi. Anakweza maso kuifuna. Pomwe panayenera kukhala mthunzi panali thambo.

Kenako anamva: fwee, fwaa, fwee, fwaa. Sowo.

Mbawa inali pansi. Chitsa chake chinali chofiira, chonyowa, chachikulu ngati tebulo la m'kalasi. Thunthu analigoneka padzenje, munthu wina pamwamba, wina pansi, akucheka matabwa. Wachitatu ankanola nkhwangwa. Sowo inaima. Onse atatu anayang'ana chijasi cha a Anderson, kenako kamera ya Mervin. Wa pamwamba uja anadumphira pansi natola chikwanje. Anzake anachita chimodzimodzi, namwazikana, wina uku wina uku, kutseka njira ya kumtsinje.

"Mwabwera angati?" anafunsa wa pamwamba uja. Anali wamtali, utuchi uli m'tsitsi ndi m'nsidze. "Ena ali kuti? Kamerayo pansi."

Rhoda anayang'ana kwa Mervin kuti afotokoze za ku Zomba. Mervin kunalibe. Anali atadutsa pakati pa zikwanje ziwiri ngati wodutsa pamsika, nalowa m'nthambi za mtengo wakugwawo, nagwada.

"Mayi Muhiwa! Bwerani! Ali mbwee! Mwayi wake, mtengo uli pansi, tikanakwera bwanji?"

Mwayi. Mawu amenewo anamukwiyitsa Rhoda. Mantha onse anapsa. Anayenda molunjika kwa wamtali uja, nayamba kumulankhula m'Chilomwe, chomwe ankachisungira maliro ndi mkwiyo. Anamufunsa dzina. Munthuyo, modabwa, anati ndi Jacob, wa ku Khonjeni. Anamuuza kuti iye wayenda kuyambira m'mawa ndi nkhalamba yosadziwa njira ndi wofufuza wosadziwa linthumbu, kuti chakudya chake chadyedwa ndi nchima, kuti mtengo womwe anaudzera waupeza uli matabwa, ndipo ngati akufuna kumutema amuteme msanga chifukwa watopa.

Jacob anatsitsa chikwanje pang'ono.

"Ndiye si inu a nkhalango?"

"Wa nkhalango angabwere ndi fulasiki? Chijasicho n'chakale kuposa iwe. Tikufuna tinthambi, matabwa akowo sitidya."

Jacob anapita kukasuzumira chomwe Mervin ankachigwadira. Pa tinthambi ta kunsonga, tomwe dzana lomweli tinali kumwamba kwenikweni, panali mizu yotuwa yopiringizana, ndipo pamizupo timizere ta timaluwa toyera.

"Ndi mankhwala?" anafunsa. "A chiyani? A mwayi?"

"Si mankhwala."

"Munthu sangachoke ku Zomba kudzagwadira zinyalala. Mukubisa."

"Tenga kamodzi," anatero Rhoda. "Ukakasamale zaka ziwiri, ukawaze madzi m'mawa uliwonse, kenako nkhono idzadye. Mwayi wake ndi umenewo."

Mnzake wa Jacob anaseka, ndipo kusekako kunamasula zonse. Zikwanje zinatsika. Jacob anati mtengowo anaugwetsa dzana, atamva kuti esiteti igwetsa nkhalango yonse mvula ikatha. Anaona kuti bola atengeko iye wa ana asanu kusiyana n'kuti zonse zikapsere kufakitale.

Mervin anali atayala zida zake pamasamba. Anathothola duwa limodzi ndi kachitsulo, naliika pansi pa galasi lokuzira, nayeza ndi karula.

"Kamchira, mamilimita khumi ndi anayi! Kotupa kunsonga! Mlomo wa duwa wopindikira m'kati! Khumi ndi anayi, mayi, mwamva? M'bale wake wofala uja safika ngakhale asanu ndi atatu!"

"Ndamva. Anthu a ku Khonjeni amvanso."

Anamuitana kuti aone. Rhoda anaika diso pagalasi monyinyirika. Kanjere ka mpunga kaja kanasanduka duwa lathunthu, lonyezimira ngati mchere, kamchira kake koonekera m'kati, kali ndi kadontho ka madzi otsekemera kunsonga. Mervin anati kadonthoko kamadikira kagulugufe ka lilime lotalika chimodzimodzi. Rhoda anakhala pagalasipo nthawi yaitali kuposa mmene anafunira.

Kenako anadzuka n'kugawa ntchito. Mervin anaika maluwa asanu m'kabotolo ka spiriti, nalemba m'buku. Rhoda analanda chikwanje cha alamu ake nayamba kudula tinthambi.

"Osamatula mizu. Dulani nthambi yonse, kutalika ngati mkono. Padzuwa pano zikhala zitafa pofika Lachitatu."

Ngakhale ocheka matabwa aja anathandiza, akubweretsa tinthambi m'manja awiri ngati mazira. Rhoda anayala nsalu, naika ndere zonyowa pakati, namanga mtolo. Kabotolo anakalanda kwa Mervin nakamanga pamfundo ya chitenje chake, chifukwa anali ataona mmene munthuyo amasungira zinthu.

Ola la a Anderson linali litakhala maola awiri. Bingu linagunda paphiri, mphepo yozizira inatsika m'khwawa, ndipo mvula inafika yonse nthawi imodzi. Pofika pamtsinje, madzi oyera aja anali ofiira, akukokolola zitsa, akulira ngati chigayo.

"Apa ayi," anatero Jacob, yemwe anawatsatira. "Kumtundaku kuli miyala iwiri yoyandikana. Dikirani."

Anabwera ndi anzake atasenza thabwa lalitali, lofiira, lonunkhira utomoni. Analigoneka pakati pa miyala iwiriyo, pamwamba pa madzi olusawo. Rhoda analiyang'ana. Linali la mbawa yomwe ija.

Anawoloka woyamba, mtolo pamutu, osayang'ana pansi. Anamangirira chingwe kumtengo, Jacob atagwira mbali inayo. Mervin anawoloka chokwawa. A Anderson anati iwo chingwe sachifuna, anawolokapo mitsinje yoposa apa. Anafika mpaka kumapeto kwa thabwa. Phazi lomaliza linatsetsereka pamwala, mwendo unalowa mumng'alu, ndipo madzi anawagwira chijasi chija n'kuyamba kuwakoka.

Mervin sanaganize. Anavula chikwama kuti chisamulemere, nadziponya chafufumimba pamwala, nawagwira kolala ndi manja onse. Rhoda anatula mtolo nagwira Mervin miyendo. Anakoka, akukuwa mawu omwe sanawakumbukirenso pambuyo pake, mpaka nkhalamba inatuluka ngati thumba lonyowa. Potembenuka, anaona chikwama chikugubuduka pamwala, n'kugwera m'madzi. Chinayandama kamodzi, chinazimirira. Buku, karula, galasi lalikulu, foni, zonse. Kamera ya pakhosi inali itamenya mwala n'kusweka.

Tsidya lija Jacob anakoka thabwa lake, nakweza dzanja. Rhoda anakweza lake. Kuthokoza munthu yemwe wagwetsa mtengo wako chifukwa chokubwereka thabwa la mtengo womwewo kunamuwawa kuposa njala, koma anathokoza.

Bondo la a Anderson linali litatupa, sakanatha kuponda. Mervin anakhala pamwala akuyang'ana madzi.

"Zonse ndinalemba zija," anatero.

"Khumi ndi anayi, kotupa kunsonga, mlomo wopindikira m'kati," anatero Rhoda. "Munakuwa kasanu. Botolo lili pano. Dzukani, muwabereke."

Anawabereka. Chitunda chonse chija, m'matope, jombo zatsopano zitasiya kulira, Mervin anakwera ndi nkhalamba kumsana, akupuma pa mitengo khumi iliyonse. Sanaime pa bowa aliyense. Pakati pa chitundacho a Anderson ananena chapansipansi kuti, "Mwana iwe uli ndi msana."

Anatulukira m'minda ya tiyi dzuwa litapendeka, mvula itasanduka yowaza. Rhoda anayamba kuganiza za madzi otentha osamba. Pomwepo m'tiyi munatuluka mlonda wachilendo, wa yunifolomu yatsopano, chibonga m'manja. Pachifuwa panalembedwa kuti Philip.

"Imani pomwepo! Mayi, tulani nkhunizo. Kutola nkhuni m'nkhalango ya kampani n'koletsedwa."

Rhoda anatseka maso. Kutsidya kwa mtsinje anthu atatu ankacheka mbawa ya zaka zana dzuwa likuswa mtengo, ndipo wogwidwa anali iye, ndi tinthambi tosakwana kuwiritsa tiyi.

"Sinditula. Ndimangeni. A manejala ali kuti?"

"Ali kusikelo, akuyang'anira kuyeza."

"Tiyeni konko. Tsogolani."

Analowa pashedi yoyezera tiyi ngati chionetsero: mlonda patsogolo, mayi wamatope ndi mtolo pamutu, mlendo atabereka nkhalamba. Otchola anasiya mzere. A manejala, bambo wa ku Mulanje wosakonda zodabwitsa, anakweza maso pasikelo.

"Mayi Muhiwa? Mwaba nkhuni inu?"

Rhoda anatula mtolo patebulo, namasula nsalu. Mizu yonse inali yobiriwira ndi mvula, timaluwa tikunjenjemera. Mervin anatsitsa a Anderson pathumba la tiyi, napeza kagalasi kakang'ono m'thumba la malaya, nakapereka. Anayamba kufotokoza ndi mawu a kusukulu, koma Rhoda anamudula.

"Bwana, ichi chimamera ku Nakhumba, pamitengo yomwe mukufuna kugwetsa. Pabulugama sichimera. Awa akuti mwina sichipezeka kwina kulikonse kuno. Mtengo umodzi wapita kale chifukwa anthu amva kuti mugwetsa. Ine ndatopa, sindinadye. Onani nokha."

A manejala anawerama ndi kagalasiko. Atadzuka anafunsa Mervin kuti kalata ingatenge nthawi yaitali bwanji. Mervin anati mwezi.

"Nkhwangwa zidikira kalatayo. Sindikulonjeza zoposa apo." Anatembenukira kwa mlonda. "Philip, nyamula nkhuni zakozo, ukawasiyire kunazale. Mosamala."

Pa tinthambi makumi atatu ndi kamodzi, khumi ndi tisanu ndi tinayi tinapulumuka. Rhoda anatipachika pawaya pansi pa neti, motalikirana kuti mphepo idutse. A Anderson anayenda ndi ndodo mpaka Epulo, akuuza aliyense kumudzi kwawo ku Nsabwe mmene anatsogolera gulu la akatswiri.

Kalata inatenga miyezi itatu, osati umodzi. Inati akatswiri akadakanganabe ngati duwalo ndi lakale lija kapena m'bale wake, koma onse agwirizana kuti nkhalangoyo isakhudzidwe. Esiteti inasiya mbali ya kumtsinje, n'kugwetsa ya kumtunda. Rhoda analira pang'ono kuseri kwa shedi, osadziwa ngati akulirira theka lopita kapena lotsala.

Mu envulopu munalinso kapepala kena, chithunzi cha chizindikiro chomwe anamata pabotolo lija ku Zomba. Panalembedwa malo, tsiku, mtengo wa mbawa, ndi mzere womaliza: wotola ndi wolera, Roda Muhiwa.

Anawerenga katatu.

"Sukulu yonse ija," anatero, "kulephera h mmodzi."

Anatenga cholembera, naikapo chilembocho yekha. Kenako anakulunga kapepalako m'pulasitiki kuti kasanyowe, nakakhomera pamtengo wa shedi, pomwe aliyense wolowa angakaone.